Sizasi Idze Pambuyo: Phunziro la Kusoka ndi Kulinganiza Zobvala Pakhomo

M'miyezi ya June ndi July, pamene nshawa zakumbidwa ndipo thonje lapita ku sikelo, miseu yolowa m'Chipata idzala ndi njinga. Wina acokera ku Chiparamba, wina ku Feni, wina ku Mtenguleni. Ndipo ambiri a iwo sabwerera kwao asanatsikire ku Down Shops kapena ku msika wa Kapata kukasankha nsalu. Ndalama yogulira nsaluyo siyopepuka iai. Ndiyo ya mizere ija munthu anapalira m'mvula ya January msana uli kuwawa, ndipo m'nyumba zambiri sidzaonekanso kufikira caka camawa. Cifukwa cace, abale ndi alongo, tiyeni ticeze za nsaluyo ikafika pakhomo, pakuti ndipo pamene iwonongeka kawirikawiri. Siiwonongeka pa kusoka, koma pa kudula. Msoko wokhota umasulidwa nusokedwanso. Nsalu yodulidwa molakwa siibwerera.

Ine wolemba mau awa sindine telala. Zimene ndidziwa ndinaziphunzira kwa amai a kunyumba kwanga, ndi kwa mkulu wina wa mpingo amene anapalasa makina pakhonde la sitolo zaka zambiri; koma phunziro loyamba ndinalilandira ndi manyazi. Caka cimene ndinayamba ubusa ndinagula mamita 3 a nsalu yoyera ya thonje pa Lacinai, ndipo ndinafuna kuti pofika Lamulungu ndikhale nditabvala malaya atsopano. Amai anaigwira nsaluyo, naifikisa pakati pa zala, nati, “Abambo, iyi iyambe yalowa m'madzi.” Ine ndinayankha monga munthu wa sukulu, “Amai, nsalu ya m'sitolo iribe litsiro, dulani.” Anadula osanenanso kanthu. Lamulungu lija malayawo anandikhala bwino ndithu, ndipo ndinayenda monga tambala. Atacapidwa kawiri, batani la pakhosi linakana kukomana ndi cibowo cace, ndi manja anakwera nasiya mikono pamtunda. Malayawo anapita kwa mlamu wanga wamng'ono. Amai sananditonze, anangondifunsa ngati nsalu yaciwiri ndidzailola kusamba.

Tisadabwe kuti luso limeneli litibvuta, popeza silakale pakati pathu. Makolo athu Acewa anabvala nyanda, imene anaisula ndi makungwa a mombo. Angoni a Mpezeni anabvala zikopa. Ndipo pamene nsalu za amalonda zinayamba kufika, merekani ndi biriwita, anthu anangozikulunga m'ciuno kapena kuzimanga m'cifuwa. Nsalu yokulunga siifunsa ngati mwini wace ali wonenepa kapena woonda. Citenje cimodzi cikwana mai, cikwananso mwana wace wamkazi. Cobvala cosoka ciri ndi mwambo wina, pakuti cipangidwira thupi limodzi. Ico cinafalikira kuno pamodzi ndi mamishoni, monga Magwero ya 1899 ndi Madzimoyo ya 1903, kumene atsikana anaphunzitsidwa kugwira singano. Ndiponso ndi masitolo a Amwenye m'tauni imene masiku ajawo inachedwa Fort Jameson, amene pa makonde ao panakhala atelala. Ndi amuna obwera ku nchito ku Harare, ku Joni ndi ku Migodi, amene ena a iwo anafika atasenza makina a Singer.

Pambuyo pa ufulu wa 1964 dziko linakhala ndi mafakitale ace oomba nsalu, ku Kafue ndi ku Kabwe. Ya ku Kabwe, Mulungushi Textiles, inamangidwa ndi cithandizo ca China, niyamba nchito m'zaka zoyamba za 1980. Inaima kanthawi, nitsegulidwanso mu 1997, niimanso mu 2007. Ndipo malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, mabelo a zobvala zakale ocokera kutsidya kwa nyanja anadzaza misika. Tizicha salaula, mau a Cibemba onena kusankha pa mulu. Abale athu a ku Malawi ati kaunjika. Thonje limene tilima kuno Kum'mawa licotsedwa njere ku Chipata ndi ku Katete, ndipo lambiri lituluka m'dziko lisanasanduke ulusi. Sindinyoza salaula, jekete imene ndibvala m'nyengo yozizira ndi ya kumeneko. Koma taonani kuti m'nyumba zathu muli tsopano nchito ziwiri: kusoka catsopano, ndi kukonza cimene cinadulidwira thupi la munthu wina. Zonse ziwiri zitsamira pa kupima.

Nsalu iyambe yasamba

Poomba nsalu makina akoka ulusi zolimba, ndipo asanaitumize ku sitolo aipaka phala louma kuti ioneke yosalala ndi yolemera m'manja mwa wogula. Ikalowa m'madzi phalalo licoka, ulusi umasuka nubwerera m'malo mwace. Motero nsalu ya thonje ikhoza kufupika masentimita 3 kufikira 5 pa mita imodzi, makamaka m'litali mwace. Mwina mudzati n'zocepa. Koma pa dzanja la malaya la masentimita 60 ndiwo masentimita 2 kapena 3, ndi pa kolala ya masentimita 40 ndiye kutsamwa kuja ndinatsamwa ine. Icapeni tsono monga mudzacapira cobvalaco: ndi sopo, m'madzi a masiku onse. Iyanikeni pamthunzi, ndipo muisite ikali ndi cinyezi pang'ono. Nsalu ya mtundu icapidwe payokha, kuti muone ngati isuluka. Amai a Cigwirizano adziwa cimene cioneka siketi yakuda ikagona m'beseni limodzi ndi bulauzi yoyera. Lamulo lomweli ligwiranso cigamba. Ngakhale pa Marko 2:21 panenedwa za cigamba ca nsalu yosacapidwa, cimene cikoka cobvala cakale ndi kukulitsa cibowo. Osoka a masiku ajawo anacidziwa kale.

Itauma, iongoleni. Nsalu iri ndi ulusi wa mitundu iwiri: woyenda m'litali, wotsata mphepete zija zosasosoka zimene anamaliza ku fakitale, ndi woyenda mopingasa. Wa m'litali ndiwo wolimba, suwamuka. Wogulitsa m'sitolo adula mofulumira, ndipo kawirikawiri mzere wace ukhota. Sololani ulusi umodzi wopingasa kufupi ndi kumapeto, ndipo mudule motsata kanjira kamene wasiya. Pamenepo pindani nsalu kuti mphepete ziwiri zija zigonerane. Ikagona yosalala, iri bwino. Ikacita makwinya opendekera, itanani mnzanu, mugwire ngondya ziwiri zoyang'anizana, muikoke pang'onopang'ono kufikira igone. Kodi simunaonepo buluku limene msoko wace wa m'mbali uzungulira mwendo nufika pamwamba pa phazi? Si mwendo wa mwini wace wolakwa. Nsaluyo inadulidwa mosatsata ulusi, ndipo palibe nsimbi imene ingaicize.

Kupima munthu

Pano m'pamene ndifuna kukhalitsa. Munthu sadzipima yekha, pakuti akawerama kuti awerenge tepi, thupi lasinthika kale. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Mai apimidwe ndi mai mnzace kapena mwana wace wamkazi, ndipo abvule juzi ndi citenje ca pamwamba. Poyamba mangani kacingwe m'ciuno, wopimidwayo apendekeke uku ndi uku. Pamene kacingweko kakhazikika ndipo pali ciuno ceniceni, ndi miyeso yonse ya m'litali iyambira pamenepo. Aime monga aima masiku onse, osati monga msilikali. Ambiri akaona tepi abweza mimba m'kati, natulutsa cifuwa. Pamenepo mupima munthu amene kulibe, ndipo cobvala cidzakwana iyeyo, osati mwini wace. Mkulu uja anali kuceza naye munthu za mvula ndi za mtengo wa feteleza kufikira aiwale tepi, ndipo pamenepo ndiye anawerenga.

Tepi izungulire molingana, isatsike kumbuyo, isalowe m'mnofu, isalendewere. Pimani cifuwa pamene patambalala koposa, ciuno pa kacingwe kaja, ndi thupi la m'munsi pamene pakula koposa, ndipo pamenepa mwa anthu ambiri pakhala masentimita 20 pansi pa ciuno. Pimani phewa kucokera m'tsinde mwa khosi kufikira pa fupa la kumapeto. Msana kucokera pa fupa lotuluka la kumbuyo kwa khosi kufikira pa kacingwe. Mkono cigongono ciri copindika pang'ono, cifukwa mkono wowongoka unama. Tepi yakale ya nsalu iwamuka ndi zaka. Iyerekezeni ndi rula ya mwana wa sukulu musanaikhulupirire. Ndiponso tepi zambiri ziri ndi nkhope ziwiri, kwina mainci, kwina masentimita. Sankhani nkhope imodzi. Inci imodzi ndi masentimita 2 ndi theka, kuonjezapo pang'ono. Yadi ndi mainci 36, ndiwo masentimita 91, ndipo icepa pa mita ndi masentimita 9. Atelala akale awerenga m'mainci, ana a sukulu m'masentimita, ndi ogulitsa ena anena yadi pamene inu mumva mita. Nsalu ya mayadi 6 siikwana mamita 6, koma 5 ndi theka.

Miyeso imeneyi ilembeni m'kabuku, dzina la munthu ndi mwezi wace. Thupi la mlimi m'February si thupi lace la m'July; ndi la mai woyamwitsa lisinthika mwezi ndi mwezi.

Tsono imvani cimene oyamba kusoka aphonya koposa. Muyeso wa thupi si muyeso wa cobvala. Munthu apuma, akhala pansi, awerama, akweza manja. Cobvala ciyenera kumsiyira malo. Pa cifuwa ca bulauzi onjezani masentimita 8 kufikira 10. Pa malaya a mwamuna 12 kufikira 15. Pa thupi la m'munsi la siketi 5 kapena 6. Pa ciuno 2. Pa kolala zala ziwiri zilowe pakati pa khosi ndi nsalu. Zithunzi za m'mabuku ndi za pa foni zionetsa akazi amene nchito yao ndi kuima cabe. Mlongo wathu wa kumudzi asinja, apalira, atukula ndowa kuika pamutu, abereka mwana kumbuyo. Diresi lace likathina kukhwapa lidzang'ambika pomwepo sabata isanathe, ngakhale lisokedwe ndi ulusi wolimba cotani. Malo amenewa aonjezedwa paokha, ndi ya msoko payokha: sentimita 1 ndi theka pa msoko uli wonse, koma woyamba kumene asiye masentimita 2 m'mbali, kuti akhale ndi pothawira.

Pepala lilakwe, nsalu isalakwe

Musajambule pa nsalu poyamba. Tengani nyuzipepala zakale kapena pepala la thumba la simenti lokunthidwa bwino, pakuti pepala likalakwika palibe alira. Tiyeni tiyese ndi siketi ya mai amene ciuno cace ndi masentimita 80, thupi la m'munsi 100, ndi utali umene afuna 75. Pa 100 onjezani 6, akhala 106. Gawani panai, popeza tijambula theka la kutsogolo pa nsalu yopinda, ndipo mupeza 26 ndi theka. Pa 80 onjezani 2, akhala 82. Panai ndi 20 ndi theka. Jambulani bokosi la masentimita 26 ndi theka m'lifupi ndi 75 m'litali, ndipo mulembe mzere wopingasa masentimita 20 kucokera pamwamba. Pamwambapo patsala masentimita 6 oposa ciuno. Musawacotse onse m'mbali, cifukwa siketi idzatuluka ngati khutu la mphika. Atatu mucotse m'mbali ndi mzere wokhota mofatsa kutsikira pa mzere uja wa 20. Atatu enawo muwatsine pakati ndi kamsoko kosongoka, kotambalala pamwamba ndi kothera ngati nsonga ya mkondo, kotalika masentimita 10 kutsogolo ndi 13 kapena 14 kumbuyo. Timisoko timeneti nditimene tipatsa nsalu yafulati maonekedwe a thupi la munthu. Mbali ya kumbuyo idulidwa pawiri, kuti pakati pace palowe zipi. Potsiriza onjezani ya misoko, ndi masentimita 4 a mpendero.

Citenje ca mamita 2 cikwana siketi yotere, ndipo citsalako ca lamba wa m'ciuno. Koma musanaike pepala, ciyang'aneni citenjeco muli patali. Zitenje zambiri ziri ndi mutu ndi miyendo: mbalame, nsomba, mphika, duwa lalikuru. Ndinaonapo diresi losokedwa mwaukhondo limene nkhanga zace zinaima kutsogolo, koma kumbuyo zinayenda camutu. Onaninso kuti duwa lalikuru lisagwe pamalo pamene mwini wace sadzakondwera kuti anthu aziyang'anapo. Iye amene aopa masamu awa ayambe ndi siketi yokwinya: citenje conse cizungulire, msoko umodzi, pamwamba mupinde kanjira kolowamo lasitiki wofupika ndi masentimita 5 pa muyeso wa ciuno. Siketi imeneyo siifuna pepala, ndipo iphunzitsa dzanja kuyenda mowongoka.

Pali njira yina yabwino kwa iye amene ali ndi cobvala cakale comkhala bwino. Cikatha, musacing'ambe kukhala copukutira. Cimasuleni msoko ndi msoko, musite zidutswa zace, muzijambule papepala, ndi kulemba pa ciri conse dzina lace ndi mubvi woonetsa kumene ulusi wa m'litali uloza. Telala amene anacidula wakuphunzitsani kwaulere. Pamene zidutswa zonse za pepala zagona pa nsalu, zagwidwa ndi maphini, ndipo mwawerenga kuti manja alipo awiri, la kumanja ndi la kumanzere, osati awiri a mbali imodzi, pamenepo tsono tengani sizasi. Dulani pa tebulo kapena pa mphasa yosalala, nsalu iri gone, osainyamula m'mwamba. Sizasi ya nsalu isadule pepala kapena cingwe ca matumba. Ibisidwe kumene ana ndi abambo saifikira.

Kuwerenga makwinya

Mutadula musathamangire ku makina. Lumikizani zidutswa ndi dzanja, ndi misoko yaitali-itali ya ulusi wa mtundu wina, yosamanga mfundo zolimba, yoti isololedwe mosabvuta. Ambiri alumpha nchito imeneyi nati itaya nthawi. Itenga theka la ora. Kumasula msoko wa makina kutenga madzulo onse, ndipo kusiya zibowo. Mwini cobvala acibvale tsono, ndipo acibvale coongoka, osati cotembenuza. Cotembenuza cipepuka kutsina ndi maphini, inde. Koma cisinthanitsa kumanja ndi kumanzere, ndipo anthu ocepa okha ali ndi mbali ziwiri zolingana. Mai amene wanyamula ana pa ciuno cimodzi zaka khumi, ndi bambo amene wasenza khasu pa phewa limodzi, ali ndi mbali yokwera ndi yotsika.

Yambani kumwamba, pakuti cobvala cilendewera pa mapewa. Msoko wa phewa ugone pamwamba peni-peni, nuthere pa fupa. Pakakhala bwino pamenepo tsikirani ku cifuwa, kenaka ku ciuno. Mpendero ndiwo wotsiriza. Makwinya ali ndi cinenero cao, ndipo wosoka aphunzire kucimva. Makwinya opingasa, okokeka ngati cingwe ca uta, anena kuti pathina: masulani. Makwinya otsika, olendewera ngati nsalu ya pazenera, anena kuti pakula: tsinani. Makwinya opendekera aloza ngati cala kumene nsalu yacepa, kaya ndi pa cifuwa, pa phewa kapena pa mimba. Tsatani kumene aloza, ndipo mukonze kumeneko, osati pamene pakwinyikapo. Mukacotsa masentimita 4, musawacotse mbali imodzi. Gawani, kuti pakati pa cobvala pakhalebe pakati pa munthu. Kumbukirani kuti kutsina sentimita 1 pa msoko uli wonse wa m'mbali kucotsa masentimita 4 pa cobvala conse, popeza msoko ugwira nsalu ziwiri ndipo misoko iripo iwiri. Apa ndi pamene ambiri athinitsa cimene anafuna kungocepetsa pang'ono.

Musamlole wobvalayo angoima. Akhale pa mpando, akhalenso pa mphasa, agwade, atambasule manja kutsogolo ngati agwira khasu, awakweze ngati atula mtolo. Mpendero upimidwa kucokera pansi, osati kucokera m'ciuno. Tengani ndodo yowongoka, muilembe cizindikiro pa utali umene mufuna, muimike pansi, ndipo wobvalayo atembenuke pang'onopang'ono inu mukuika maphini. Mwa mai wa thupi lodzala kumbuyo, siketi yopimidwa kucokera m'ciuno idzakwera kumbuyo nitsika kutsogolo.

Za singano ndi makina ndinena mwacidule. Wopanda makina asataye mtima: msoko wa dzanja wobwerera m'mbuyo, umene singano ibwerera kulowa pamene inatulukira poyamba, ulimba monga wa makina. Ulusi usapose utali wa kucokera pa cala kufikira pa cigongono, kuti ungapotane. Pa makina, singano ya nambala 14 iyenera citenje, ya 16 khaki ndi jinzi, ya 11 nsalu zopyapyala. Ulusi ukaunjikana pansi pa nsalu, ambiri athamangira kusokoneza bobini; koma colakwa cikhala kawirikawiri pa ulusi wa pamwamba, umene sunadutse bwino m'njira yace kapena walekerera. Makina amwa mafuta ao okha; mafuta ophikira auma nasanduka ulimbo. Ndipo pofuna kuti msoko usasosoke m'kati, sokani kawiri: poyamba nsalu zitayang'ana kunja, theka la sentimita kucokera kumphepete, kenaka mutembenuze, musite, musokenso sentimita 1, kuti mphepete zitsekeredwe m'kati. Sitani msoko uli wonse musanaupingase ndi wina. Nsimbi ya makala iyesedwe poyamba pa kacidutswa, cifukwa poliyesita siipsa monga thonje, koma isungunuka.

Cobvala ca mwini wina

Popita ku salaula tengani tepi, kapena cingwe ca mfundo zitatu: ya mapewa, ya cifuwa ndi ya ciuno. Musakhulupirire nambala ya pakhosi pa cobvala, popeza maiko awerenga mosiyana. Diresi limene ku America alilemba 10, ku Mangalande alilemba 14. Anyamata pa msika akulunga ciuno ca buluku pakhosi nati likakomana lakwana; njira imeneyo inamiza munthu wa mimba ndi munthu wa khosi lonenepa. Yalani buluku, pimani ciuno cace, wirikizani kawiri.

Gulani poyang'ana mapewa. Cobvala cokwana mapewa koma cacikuru m'munsi cikonzeka pakhomo. Cokula mapewa, makamaka jekete, ndi nchito ya telala wodziwa, ndipo ngakhale iye adandaula. Cacing'ono musacigule ndi ciyembekezo, pakuti mafakitale asiya sentimita imodzi yokha m'misoko. Buluku la mwamuna licepetsedwa pa msoko wa pakati kumbuyo, osati m'mbali mmene muli matumba. Koma musapose masentimita 5, kuti matumba a kumbuyo angakomane ngati maso a nkhanu. Manja a malaya afupikitsidwa pomasula kansalu ka kumapeto, kudula, ndi kukabwezera. Kolala yoperepeseka imasulidwa, itembenuzidwa, nisokedwanso, ndipo malaya alandira caka cina. Nsalu zowamuka, monga za masikipa, zidula msoko wowongoka. Zisokeni ndi msoko wa njomba-njomba ngati makina anu ali nao, apo ayi ndi dzanja, mosakoka ulusi. Ndipo diresi lalikuru la nsalu yabwino muliyese ngati nsalu yogula pa mita: mucape, mumasule, musite, muike pepala, mutulukamo diresi la mtsikana ndi kabudula wa mlongo wace.

Ana abvuta mwa njira yina, cifukwa sakhala pa muyeso umodzi. Sukulu zikatsegulidwa m'January tiona ana a Giredi 1 atamira m'yunifomu yogulidwira Giredi 4, mapewa ali m'zigongono. Pofika caka cimene ikanawakwana, yatha kale. Mwana akula msanga m'litali, koma m'mapewa akula pang'onopang'ono. Cifukwa cace mapewa ndi khosi zimkwane lero, ndipo zakudza muzibise m'munsi. Pindani mpendero wa masentimita 8, wosokedwa ndi dzanja kuti umasuke mosabvuta. Pa diresi sokani mapindo awiri opingasa pamwamba pa mpendero, lirilonse lodya masentimita 3. Aoneka ngati cokometsera, ndipo caka ndi caka mumasula limodzi. Pa kabudula ikani lasitiki kumbuyo kokha, ndi kuwirikiza nsalu pokhalira, pamene pabooka poyamba. Zidutswa zotsala musataye. Sokererani kacidutswa kamodzi m'kati mwa msoko wa m'mbali, kuti kazicapidwa ndi kusuluka pamodzi ndi cobvalaco. Tsiku limene mwana adzakodwa pa mtengo wa mango, mudzakhala naco cigamba ca mtundu womwewo, cosamba kale.